Mkamwini ndi Mpeni wa Sipuling'i

Nkhumba inali itamangidwa kale pansi pa mtengo wa mango pamene a Vinsenti anafika ndi mpeni wawo waukulu. Anauponya pa benchi ya Isake, pambali pa mwala wonolera, ndipo benchiyo inalira ngati aponyapo nkhwangwa.

"Akamwini, nayi ntchito. Ndikumva kuti kuno ku Dzoole konse kulibe wonola ngati inu."

Isake anaimirira n'kuvula chipewa. A Vinsenti anali malume ake a Faines, mkazi wake. Ndiwo anali mwini mbumba, ndipo mawu onse okhudza Faines ndi ana ake ankathera pakamwa pawo. Ankagulitsa nyama ya nkhumba ku Mponela. Anali munthu wa nthabwala, ndipo n'chifukwa chake Isake ankawaopa, pakuti sunkadziwa pamene nthabwala yathera ndi pamene mlandu wayambira.

"Ndiyesa, a malume."

"Musayese. Wa gudumu lonolera uja ku Mponela anayesa kale, taonani." Anakweza chala chachikulu cha kumanzere, chokulungidwa ndi kansalu. "Ine ndikuti ndidule apa, iwo ukupita apo. Mpeni woyenda cham'mbali ngati nkhanu. Nkhumba iyo tiipha ndi kampeni kakang'ono, koma poing'amba msana ndikufuna uwu. Tikatha, tikambe nkhani ija imene ankhoswe anu akhala akundisowetsa nayo tulo."

Anachoka akuimba mluzu.

Nkhaniyo inali ya chitengwa. Isake anali atakhala pachikamwini zaka zingapo, kulima munda wa apongozi ake ndi kuwaka nkhokwe zawo, ndipo tsopano ankapempha kuti atenge mkazi wake apite naye kwawo, kumapiri a ku Ntchisi. Bambo ake anali atamwalira. Mayi ake mawondo anali atatupa, sankathanso kukwera kumunda wa kumtunda, ndipo achibale anali atanena mosabisa kuti mvula ikagwa iye asanafike, mundawo aupereka kwa wina. Ankhoswe ake ankabwera n'kubwerera ndi yankho limodzimodzi lakuti, "Tamva." Ndipo masiku amenewo, madzulo aliwonse, mitambo inkaunjikana chakum'mawa.

Isake ananyamula mpeniwo. Unali wosulidwa kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, wolemera, wakuda, msana wake wochindikala ngati chala chaching'ono cha munthu. Sanali atagwirapo wotere. Anthu ankamubweretsera mipeni ya kukhitchini, timipeni todulira fodya ndi masizasi, zonse zopyapyala.

Chimene chinamutchukitsa m'mudzimo chinali chopanira chimene anadzipangira yekha. Chinali cha matabwa awiri a mlombwa. Lapansi linali lokhomeredwa ku mtengo wozungulira, lapamwamba linkamangidwa ndi mabawuti awiri, mpeni n'kukhala pakati, kukamwa kwake kutatulukira kunja. Mwala wonolera unali womangiriridwa ku ndodo yachitsulo imene inkadutsa m'mphete pamwamba pa kamzati, kotero kuti nthawi zonse mwalawo unkafika pa mpeni mopendekeka chimodzimodzi. Ukatha mbali imodzi, umangotembenuza chopanira chonse monga utembenuzira chimanga pamoto. Mwala umasiya mzere wowala m'mbali zonse ziwiri za kukamwa kwa mpeni. Mizere imeneyi Isake ankaitcha masaya, ndipo ankanena kuti mpeni wa masaya ofanana ndiwo umadula molunjika.

Anaupana, namanga mabawuti, nanyowetsa mwala. Anakhula mbali yoyamba mpaka mabala amene gudumu la ku Mponela linasiya atafafanizika. Anatembenuza, nakhulanso mofanana. Kenaka anapukuta mpeniwo ndi kansanza n'kuyang'ana.

Tsaya limodzi linali lalikulu ngati chikhadabo. Linalo linali ngati ulusi.

Anaganiza kuti mwina dzanja lake lalemera mbali imodzi. Anabwerera ku tsaya laling'onolo, nalikhula nthawi yaitali, mpaka thukuta linayamba kudonthera pa thabwa. Linakula pang'ono. Koma atayang'ana mpeniwo chakunsonga, anaona kuti kukamwa kwake kwachoka pakati, kwatsamira mbali ina. Anatembenuza kuti akubweze. Tsaya lalikulu lija linakulirakulira. Pansi pa chopanira panali pataunjikana matope otuwa, ndipo matope amenewo anali mpeni wa a Vinsenti.

Kumtengo wa mango nkhumba inalira kwambiri, inaliranso, kenaka kunati zii.

Faines anabwera ndi madzi m'kabeseni. Anawaika pansi, nagwada pambali pa benchi ngati akukonza chitenje, kuti anthu a kumtengo asaone kuti akulankhula.

"Abambo a Mayeso, musaunole bwino kwambiri."

"Ukuti chiyani?"

"Malume ndimawadziwa ine. Amuna a mkulu wanga Lidia anamanga chigafa chosadontha m'chaka chawo choyamba. Lero imvi zayamba, akadali pompano. Nthawi iliyonse akapempha, malume amaseka n'kunena kuti, nanga fodya wathu anyowe? Unoleni mwapakatikati basi, udule koma asauyamikire."

Isake anapendeketsa mpeniwo kuti mkazi wake aone.

Faines anayang'ana mbali iyi, nayang'ana inayo. Nkhope yake inasintha.

"Mwatani?"

"Sindikudziwa."

"Umenewu si wapakatikati. Akauona chonchi anena kuti munthu wolephera kusamala mpeni sangasamale mwana wa eni ake kumapiri. Mawu ake adzakhala amenewo, ndikuwamva kale."

"Ndiye ndikanola bwino sindipita, ndikanola moipa sindipitanso."

"Ine mtedza wa mbewu ndamanga kale m'thumba," anatero Faines motsitsa mawu. "Musandimasulitse." Ananyamuka n'kupita.

Fungo la ubweya wopserera linafika pa benchi. Amuna awiri amene ankathandiza a Vinsenti anali atayamba kuwawula nkhumba ndi udzu. Kunkatentha, kutentha kwa mwezi umene mvula yayandikira, ndipo nyama yophedwa sidikira munthu. Akatha kuwawula apala, akatha kupala atumbula, ndipo akatero afuna mpeni.

Isake anamasula mabawuti. Anaganiza zotembenuza mpeni wokhawo, chopanira chikhale momwemo. Koma atautembenuza, chigwiriro chinapita mbali inayo n'kugunda kamzati. Anausuntha pang'ono kuti upite patsogolo, ndipo matabwa anangogwira theka la chitsulocho. Atangoikapo mwala, mpeniwo unagwedera ngati dzino la mwana. Anaubweza mmene unalili poyamba.

"Akamwini, muli moyo uko?"

A Vinsenti anali akubwera, manja akuda ndi phulusa. Isake anaponya kansanza pa mpeni.

"Watsala pang'ono, a malume."

"Mwaufunditsa? Ukumva kuzizira?" Anaseka, naima pafupi kwambiri, akuyang'ana matope otuwa aja pansi. Anawakhudza ndi chala cha kuphazi. "Paja akuluakulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ine ndimawatsutsa. Ndimati wathuyu ndi wa mamba, amagwirika. Kapena ndimanama?"

"Simunama, a malume."

"Mpeni umenewo anasula ndi mkulu wanga. Wosula wotero kulibenso. Ukatha, watha." Anayang'ananso matopewo, kenaka anabwerera kumtengo.

Isake anakhala kanthawi manja ali pamawondo. Kenaka analowa m'khitchini, napala mwaye kunsi kwa mphika ndi chala, n'kudzapaka masaya onse awiri mpaka atada. Anadutsitsa mwala kamodzi kokha, mopepuka. Mwaye unachoka m'mwamba, kutali ndi kukamwa. Anatembenuza chopanira, nadutsitsanso kamodzi. Mbali iyi mwaye unachoka m'mphepete mwenimweni mokha. Choncho vuto silinali dzanja lake. Mwala unkagona mbali imodzi n'kuimirira mbali inayo, ngakhale kuti mphete ya pa kamzati sinasunthe.

Anagwada pansi, diso lake molingana ndi mpeni. Anathyola kaudzu, nakaimika pa benchi, nakadula polekezera kukamwa kwa mpeniwo. Anatembenuza chopanira pang'onopang'ono n'kuimikanso kaudzuko. Kukamwa kwa mpeni kunali kutatsika. Pakati pa iko ndi nsonga ya kaudzu pakanatha kulowa njere ya mpunga chogona, mwinanso kuposa.

Apo m'pamene anamvetsa. Thabwa lapansi analisema poganizira mipeni yopyapyala, imene ikagona pamenepo pakati pake pamalingana ndi pakati pa mtengo wozungulira. Mpeni wochindikalawu unkakhala pamwamba ngati katundu wopitirira pa njinga. Ukayang'ana mbali iyi unkakwera, ukatembenuzidwa unkatsika. Akanatha kukhula mpaka mawa, masaya sakanafanana, mpeni wokha ndiwo ukanatha.

Njira imene anaiona inali imodzi: kusema thabwa lapansilo kuti mpeni umire mpaka pakati pake pafike pamalo pake.

Anayang'ana chopaniracho. Matabwa a mlombwa wouma chonchi sankapezekanso wamba, ndipo kuti chifike pogwira ntchito bwino anachipala n'kuchiyesa nyengo yonse ya dzinja. Ndicho ankadalira kuti chidzawadyetsa ku Ntchisi podikira kukolola. Akachisema, mipeni yopyapyala idzamira mopitirira, ndipo tizigamba ta lata toikira pansi anali atatiyesapo kale, timaterereka. Thabwa ukalisema silimeranso. Komanso akapitiriza muyeso pang'ono pokha, ataya zonse ziwiri, chopanira ndi mpeni.

"Tatumbula kuno!" anakuwa mmodzi wa amuna aja.

Isake anatenga tchizulo.

Anasema mopyapyala, tizipalapala tofiira tikugwera pa matope otuwa. Anabwezeretsa mpeni, namanga, nayesa ndi kaudzu. Kusiyana kunachepa. Anamasula, nasemanso. Tchizulo inalowa mozama pamalo ena, koma linali dzenje laling'ono chabe, analisalaza. Ulendo wotsatira kukamwa kwa mpeni kunagunda nsonga ya kaudzu, ndipo atatembenuza kunagundanso. Anapaka mwaye. Mwala unachotsa mwayewo mofanana uku ndi uku.

Mawu a Faines anamubwerera m'mutu, akuti mwapakatikati basi. Tsopano akanatha kutero. Akanangosiya tsaya limodzi lalikulupo pang'ono, mpeni n'kumadula koma mokhota pang'ono. Koma anakumbukira chala chokulungidwa chija, ndi kulemera kwa chitsulochi chikaterereka pa fupa. Anayamba kukhula, uku kenaka uku, mopepuka, akuthira madzi, mpaka kukamwa kutabwerera pakati.

Atafika nawo kumtengo wa mango, nkhumba inali italenjekeka pa nthambi, miyendo yakumbuyo m'mwamba, ntchentche zitayamba kuizungulira. Faines anali chapatali ndi amayi ake, akutsuka matumbo m'beseni. Isake anapereka mpeniwo ndi manja awiri.

A Vinsenti anauyang'ana mbali zonse ziwiri padzuwa. Anauyesa m'lifupi ndi zala zawo.

"Wawonda."

"Pang'ono, a malume."

"Pang'ono, akutero." Anaika kukamwa kwa mpeni pa fupa la msana, pakati pa miyendo, namenya msana wake ndi chipika. Mpeni unalowa. Anamenyanso, ukutsika, ukutsika, osapatukira kumanja kapena kumanzere, mpaka nkhumba inagawika mbali ziwiri zolendewera, fupa la msana litang'ambika pakati penipeni kuchokera kumchira mpaka kukhosi.

Amuna aja anang'ung'udza moyamikira. A Vinsenti anaseka mpaka kutsokomola.

"Chimwalirire mkulu wanga sunadulepo chonchi. Nambewe," anaitana Faines ndi mfunda wake, "unatola kuti munthu ameneyu?" Anapukuta mpeni pa thalauza. Kuseka kunali kukadali pankhope pawo. "Ndiye ine ndikhale chitsiru, nditenge manja amenewa ndikapereke ku Ntchisi? Mpeni uwu umabuntha msika uliwonse. Ndizikwera mapiri ndi mpeni m'thumba? Ayi, akamwini. Nkhani ija tiione chaka chamawa, tikakolola."

Madzi a m'beseni la Faines analeka kulira.

Mkamwini sayankha mwini mbumba pagulu. Zoyankha zimadzera kwa ankhoswe, ndipo ankhoswe anali kutali, ndipo kum'mawa mitambo inali itada kunsi. Isake anagwada.

"A malume, mundikhululukire pakamwa. Si manja anga amene anola mpeniwo. Ndi thabwa."

"Thabwa."

"Ndalisema kuti ligwire mpeni wanu wokha. Wina uliwonse silingaugwirenso bwino. Aliyense wa pakhomo pano angathe kuunola chimodzimodzi, ngakhale inuyo. Ndikapita, chopanira chitsala."

Mmodzi wa amuna aja anayamba kuingitsa ntchentche ndi nthambi, maso ali kwina. A Vinsenti anasiya kuseka, ndipo aka kanali koyamba Isake kuona nkhope yawo yopanda kuseka.

"Ngakhale ineyo," anabwereza.

Anayenda kupita pa mwala waukulu umene amayi ankachapirapo zovala. Anaika kukamwa kwa mpeni pa mwalawo, naukoka mwamphamvu kuchokera kuchigwiriro mpaka kunsonga, naukokanso. Phokoso lake linalowa m'mano mwa Isake.

"Tiyeni," anatero a Vinsenti. "Ukatuluka mmene unatulukira, mwanena zoona. Ukatuluka nkhanu, mwandinamiza pamaso pa anthu, ndipo nkhani ya ku Ntchisi ndisadzaimvenso. Inu muime apo. Manja kumbuyo, pakamwa potseka."

Anakhala pa benchi. Anaika mpeni pakati pa matabwa, ndipo unalowa m'malo osemedwa aja n'kukhazikika. Anamanga bawuti imodzi mpaka kumapeto, inayo n'kuisiya yolobodoka. Isake analuma lilime. A Vinsenti atagwira ndodo ya mwala, mpeni unasuntha pang'ono kunsonga. Anaima, nayang'ana, nang'ung'udza, kenaka anamanga bawuti yachiwiri ija.

Anayamba kukhula pouma. Faines anabwera ndi kabeseni ka madzi, nakaika pafupi ndi mwendo wawo.

"Iwe, ndani wakutuma?"

"Palibe, malume. Mwati atseke pakamwa ndi akamwini anu. Za madzi simunanene."

A Vinsenti anamuyang'ana. Kenaka anaviika dzanja m'madzi n'kuwaza pa mwala.

Ankakanikiza kwambiri, monga munthu wozolowera kuthyola mafupa, ndipo ndodo yachitsulo inkapindika pang'ono pakati. Isake ankaona kupindikako, ankadziwa kuti mwala ukugona mopitirira, ndipo sakanatha kunena kanthu. Chimene ankapempha mumtima n'chakuti akatembenuza akanikizenso chimodzimodzi. Chala chovulala chija chinayamba kuonetsa magazi pa kansalu. Sanasiye. Anatembenuza chopanira, nayamba mbali inayo. Anakhula pang'ono n'kuima ngati atha. Zala za Isake zinafinyana kumbuyo. A Vinsenti anapukuta mpeni, nasuzumira pansi kuona tsaya loyamba, nayang'ana lapamwamba, nagwiranso ndodo n'kupitiriza.

Mphepo inadutsa m'mudzi, yonunkhira dothi lonyowa la kutali. Nkhuku zinathamangira kunkhokwe.

Potsiriza anamasula mabawuti. Anaimirira ndi mpeni, naupenda uku ndi uku. Isake sankatha kuona kuchokera pamene anaima. Anawatsatira chapatali mpaka kumtengo. Mutu wa nkhumba unali pa chipika. A Vinsenti anaika mpeni pakati pa makutu, namenya kamodzi, kawiri, katatu. Mutu unagawika. Anawerama, natola mbali zonse ziwiri, imodzi m'dzanja lililonse, n'kuziyerekeza. Mng'aluwo unadutsa pakati pa mphuno.

Anaziponya m'beseni.

"Masaya anga ndi aakulu kuposa anu," anatero osayang'ana Isake, "koma ndi ofanana." Anapukuta magazi a chala chawo. "Chopanira chitsala. Mwala utsala, ndi ndodo yake yomwe. Tchizulo tengani, mukaifuna kwanuko. Ankhoswe anu abwere Loweruka, tidzamalize mwa mwambo. Ndipo muwauze abale anu kuti ana ndi akuno. Kukachitika kanthu, abwerera."

Isake anagwada. "Zikomo, a malume."

"Musandithokoze, mwandibera." Kuseka kunayamba kubwerera m'mphepete mwa pakamwa pawo. "Nambewe, kauze amayi ako asiye kulirira m'matumbo anga, awathira mchere wokwana."

Faines anathamangira kwa amayi ake. Isake anakhalabe chogwada.

"Nanga inu mwagona pamenepo?" anatero a Vinsenti. "Mpaka Loweruka mukadali mkamwini. Dzagwireni mwendo uwu, mvula isatipeze ndi nyama panja."

Isake anaimirira n'kukagwira mwendowo.